Mabowo a Malata Akale

Malata ndinawatsitsa onse m'mawa umodzi, n'kuwaunjika pansi pa mango ngati mapesi. Ndinatsika padenga ndikudzitama mumtima. Mkazi wanga anayang'ana muluwo, kenako anayang'ana ine.

"Mwawalemba, abambo?"

"Kulemba chiyani?"

Anangotola khala lolembera malata limene anandiikira pawindo, lomwe ine ndimayesa lagwa pambaula, n'kubwerera nalo kukhitchini.

Lata lakale limakhala ndi mabowo ake a misomali, ndipo bowo lililonse lili ndi phaso lake. Mitengo ya denga lathu inali yokhota, yotalikirana mosiyanasiyana, choncho lata ukalisintha malo, mabowo amagwera pamphepo. Kabuku ka zomangamanga kamene ndinagula pamsika ku boma ndinakawerenga konse, dikishonale ili pambali, koma kanalembedwera anthu ogula malata atsopano.

Nyumbayo anamanga ndi adada, bambo anga, kumudzi kwathu cha ku Kapichila: njerwa zootcha koma zomangira matope. Iwo atamwalira, chiswe chinalowa m'phaso. Ndalama ya simenti ndi malata atsopano ndinalibe, ndiye ndinadula bulugama, n'kupaka oyilo wakuda wa kuchigayo, kuti ndisinthe mitengo yodyedwa yokha n'kubwezerapo malata omwewo. Ife tinasamukira kukhitchini. Amama anakana.

"Chipinda ichi anandimangila adada ako. Ndituluke ndipite kuti?"

Anagona momwemo, denga lili pululu. Khoma lomangira matope likakhala lopanda denga, mvula imalowera pamwamba n'kulisungunula m'kati. Limagwa lonse kamodzi, losachenjeza. Bedi la amama linali m'tsinde mwa khoma lotere.

Mitengo ndinasintha bwinobwino. Chinavuta ndi malata. Ndimakweza limodzi, kuliyesa apa, kuliyesa apo, kulitsitsa, kukweza lina. Dzuwa la Okutobala limawatenthetsa moti ndimawagwira ndi sanza. Patapita masiku, amene anapeza malo awo anali ochepa, ndipo onse anali a mbali ya pabalaza.

Tsiku lina masana mphepo inaima. Nkhuku zinalowa pansi pa nkhokwe. Ndili padenga ndinaona mtambo wakuda ukukwera kuchokera mbali ya Malawi, ndipo fungo la dothi lonyowa linafika mtambowo usanafike.

"Amama atuluke!" ndinakuwa.

"Akana!" anatero mkazi wanga. "Akuti wapasula ndiwe, ufolele ndiwe."

Ndinasuzumira pakati pa phaso. Anali chikhalire pabedi, chitenje kumutu, manja pamaondo, akundiyang'ana monga amandiyang'anira ndili mwana ndikabwera ng'ombe imodzi itasowa.

Za mabowo ndinazisiya. "Ndipatse lililonse!" Mkazi wanga amakweza lata, ine n'kuligoneka pamwamba pa chipinda cha amama, n'kuboola patsopano. Misomali inali yakale, yoongola pamwala, ndipo ina imapindika ndikangoimenya. Mphepo itabwerera inanyamula lata limodzi m'manja mwanga, n'kukaligwetsa pafupi ndi khola la mbuzi. Madontho oyamba anali akuluakulu, akulira pamalata ngati wina akuponya mtedza.

Mpata utatsala wa malata awiri, mulu wa pansi pa mango unali kutali, mkazi wanga akulimbana ndi mphepo. Ndinazula awiri amene ndinakhoma kale pabalaza, aja anandivutitsa kupeza malo awo, n'kutseka nawo. Mvula inatsika yonse ndikumenya msomali womaliza. Hamala inaterereka, n'kugwera m'nyumba.

"Amama?"

"Yagwela pa mtondo. Tsika, mphenzi ingakupeze."

Tinakhala m'chipindamo atatu. Madzi amadontha m'mabowo akale ponseponse, ife n'kumasuntha mapoto ndi mabeseni. Ine maso anali pakhoma. Ndimaligwira pamwamba kuti ndimve ngati lanyowa, n'kubwerera, n'kukaligwiranso. Kenako kunamveka phokoso lolemera, pansi panagwedezeka, fumbi lonyowa linalowa pansi pa chitseko. Mkazi wanga anagwira amama paphewa.

Silinali khoma la chipinda cha amama. Inali ngodya ya pabalaza, pomwe ndinazula malata paja. Inagwera kunja, kuyambira pamwamba mpaka pawindo. Amama anatsegula chitseko, anayang'ana kwa nthawi, n'kutseka. Sanandilankhule tsiku limenelo. Mkazi wanga atawapempha kuti akagone nafe kukhitchini, anangoyala bulangete pabedi pawo.

M'mawa mwake ndikutola njerwa m'matope, anafika aneba athu, mkulu wa msinkhu wa adada, akuchokera kokamasula ng'ombe. Tinapatsana moni wa Chitumbuka, ine maso pansi. Anazungulira ngodyayo, n'kugogoda ndi ndodo khoma la chipinda cha amama. Linalira louma. Anayang'ana kukhomo ngati amama ali pafupi, n'kutsitsa mawu.

"Ngodya iyi inawagwelanso adada ako, mwana wanga, chaka chimene amamanga. Tinaidzutsa awili, amama ako ali kwawo kukabeleka iwe. Mpaka lelo sadziwa. Ponda matope, ndibwela ndikamwa tiyi."