Buluku la Tsiku Lotsika

Azakhali anga adagwira ntchito yoyala mabedi m'sitima yapamadzi ya alendo okaona maiko kwa zaka khumi ndi ziwiri. Pano amasoka makatani m'kashopu kawo, ndipo aliyense wofuna kukwera sitima koyamba amadzera kaye kwa iwo.

Sabata yatha kudabwera aphunzitsi ena opuma ntchito, kope lili m'manja. Ana awo adawalipirira ulendo wa sabata imodzi.

"Kodi sitimayo singamire, mayi?" adafunsa aphunzitsiwo.

Azakhali sadaimitse makina. "Za kumira zisiyeni, bambo. Mankhwala anu ndi pasipoti zikhale m'kachikwama ka m'manja, chifukwa sutikesi amakulandani padoko ndipo imafika kuchipinda dzuwa litapendeka. Mukatsika kukaona tauni, muzitsatira wotchi ya m'sitima. Woyendetsa sadikira munthu."

Aphunzitsi adalemba zonse. Kenako azakhali adawafotokozera za tsiku lotsika. Dzulo lake alendo amaika masutikesi panja pa chitseko kuti antchito awatsitsiretu. M'mawa wina azakhali atagogoda pachipinda china, adapeza pulofesa wa ulemu wake atadzikulunga thaulo. Jekete anali nalo, nsapato anali nazo, koma buluku linali litapita ndi sutikesi. Adakamubwerekera la wophika, lolekeza m'mawondo, ndipo pulofesayo adatsika nalo anthu onse akuona.

"Ndiye ichi mulembe pamwamba penipeni," adatero azakhali, akudula ulusi ndi mano. "Musanatseke sutikesi, patulani zovala za mawa. Ine nyanja sidandivutepo ayi. Ankandivuta ndi anthu ophunzira."