Fumbi la pa Tsaya

Funso limene ndakhala nalo kuyambira nthawi imeneyo ndi ili: ngati chida cha munthu chanama, mwini wake n'kuliona bodzalo koma osaliyesa kanthu, mlandu wake ndi waukulu bwanji?

Kampani ya boma imene ndinkagwirako ntchito itagulitsidwa, ndinatha zaka zingapo ndikuzungulira m'maofesi ndi digiri yanga. Pomaliza ndinagula kamera ya dijito yakale, n'kuyamba kujambula maukwati ndi maliro ku komboni ya Chawama. Ntchitoyo sindinkaikonda, komanso sindinkaida. Ndinkangoigwira.

Mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene ankasoka zovala pamsika, anapeza mwamuna woyendetsa minibasi. Amayi a mwamunayo anali ku Katete, ndipo anafuna kuona chithunzi cha mtsikanayo asanatumize ankhoswe. Ndinamujambula masana ena mu Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi la mumsewu. M'mawa wa tsikulo ndinali nditasintha lenzi, diso la kutsogolo kwa kamera, kawiri, panja. Zithunzi zitasindikizidwa m'tauni ndinaona timadontho titatu totuwa, tiwiri patsaya lake, kamodzi pakhosi. Ndinali nditatopa. Ndinadziuza kuti palibe amene angatione, ndipo envulopu ndinaipereka kwa mwamunayo.

Ndinaiwala zaka zimene tinkakhalamo. Masiku amenewo anthu ankayang'anitsitsa nkhope za anzawo. Tsitsi likapyapyala, milomo ikafiira, khungu likachita mawanga, munthu anali ataweruzidwa kale, ngakhale kuti dzina la matendawo silinkatchulidwa.

Patapita milungu itatu mtsikanayo anabwera kwathu, ndipo anakana kukhala pansi.

"Ba malume, mwanichita chani? Bamai bake bakamba ati nili na mawanga, ati nidwala. Niyang'aneni bwino. Yali kuti mawanga?"

"Ndi fumbi la m'kamera, mwanangu."

"Fumbi! Manje muzayenda ku Katete na kamera yanu mukabauze ati ni fumbi?"

Atapita, ndinatulutsa kamera m'chikwama chake.

M'kati mwa kamera yotere muli kagalasi kolandira kuwala, kamene amisiri amakatcha sensa. Fumbi likagwerapo limaoneka pa chithunzi chilichonse, pamalo omwewo, mpaka litachotsedwa. M'mawa mwake ndinawaza madzi pansi m'chipinda changa, n'kupachika bulangete lonyowa pakhomo kuti fumbi lina lisalowe. Ndinachotsa lenzi, ndinazondotsa kamera, n'kupopera mpweya ndi kampira kotsukira mphuno za makanda kamene ndinagula ku famase. Nditabwezera lenzi, ndinajambula khoma loyera kuti ndione. Madontho analipobe. Ndinabwereza kanayi ndisanakumbukire zimene ndinaphunzira kusukulu, kuti chithunzi chimafika pakagalasiko chitazondoka: ndinkapopera m'mwamba pamene fumbi linali m'munsi. Madontho awiri anachoka. Lachitatu linali litamatirira, ndipo ndinalipukuta ndi kansalu kofewa kokulunga pa kapulasitiki, mosamala kwambiri, podziwa kuti kukanda kagalasiko n'kutaya kamera yonse.

Ntchito yonseyo inanditengera ola limodzi. Ola limenelo ndinali nalo milungu itatu m'mbuyomo.

Mtsikanayo ndinamujambulanso Lamlungu, atavala diresi lomwe anavala pa chithunzi choyamba. Sanamwetulire, ndipo sindinamupemphe kutero. Chithunzicho chinatuluka choyera, tsaya losalala monga linalili. Ndinalembanso kalata yaulemu yofotokozera amayi aja za fumbi ndi kagalasi. Poiwerenga ndinazindikira kuti ikumveka ngati mmene banja lililonse lobisa matenda likanalembera, koma ndinalibe mawu ena.

Mwamunayo analandira envulopu yachiwiri pa siteshoni, injini ya minibasi ikulira. "Nizatumiza, ba malume," anatero, maso ali pa anthu okwera.

Ankhoswe sanabwere chaka chimenecho kapena chotsatira. Mtsikanayo sanadwale, akusokabe pamsika womwewo, ndipo tikakumana amandipatsa moni mwaulemu wonse. Sindinamve ngati envulopu yachiwiri ija inafika ku Katete.