Mlandu wa Mabondo

Fungo la malaya otentha ndi simbi likangondipeza, ngakhale ndili m'basi, ndimaona agogo anga aNangondo ataima pabalaza m'fulati mwathu ku Woolwich, mu mzinda wa London, nthunzi ikuwakwera kumaso, mawindo atachita thukuta chifukwa cha chisanu cha panja, maso awo ali gwa pa TV pomwe azibambo ovala zipewa akumenya kampira koyera ndi chibonga. Anali mayi awo a amayi anga. Ankabwera kuchokera ku Dedza chaka chilichonse kuzizira kukamayamba, n'kukhala miyezi isanu ndi umodzi akundilera ine amayi ali pa shifiti kuchipatala, kenako n'kubwerera kumudzi.

Besibo, mpira wa ku America uja, anaudziwira ku Lilongwe. Anagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri m'nyumba ya mzungu wina amene ankalandira matepi a masewerowa kuchokera kwawo. Mzunguyo akamaonera, agogo ankasita pakona, mpaka anadziwa malamulo onse kuposa mkazi wa bwanayo. Pochoka, mzunguyo anawasiyira chipewa cha timu yake, ndipo timuyo inakhala ya agogo mpaka imfa. Azimayi a kutchalitchi ankaseka, amvekere, "Gogo wa ku Dedza ndi besibo, zinayamba zaonekapo kuti?" Iwo analibe nazo ntchito.

Tsono agogo anali munthu wa mwambo wosapindika. Kwa iwo mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, sadyera chipinda chimodzi, salankhulana pamaso. Kumudzi n'kosavuta, wina amangopatukira kutchire. Nanga m'fulati ya zipinda ziwiri, yokhala ndi kakolido koti anthu awiri sangapishanemo? Adadi ankatsokomola asanatuluke kuchipinda, agogo n'kutembenukira kukhoma mpaka adutse. Pabalaza panali pa agogo, kukhitchini kunali kwa adadi. Ndipo kukhitchiniko, atakhala pa kampando ndi laputopu yawo, akumva TV kudzera m'khoma zaka ndi zaka, adadi nawonso anagwidwa matenda a besibo. Timu yake yomweyonso.

Mawu onse apakati pawo ankadzera mwa ine. "Tadala, kawauze bambo ako kuti chakudya chapsa." "Tadala, kawafunse agogo ako ngati hita ikuwatenthetsa mokwanira." Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kunena zoona ntchitoyi ndinkainyadira kwabasi.

Vuto linali lakuti miyezi imene agogo ankabwera, masewero enieni ankakhala akutha. Chotsala chinali kugula ndi kugulitsa osewera, malipiro awo, ndi mikangano. Chaka chimenecho timu inachotsa wosewera amene agogo ankamukonda ngati mwana wobereka okha. Anali uja wonjuta kumbuyo kwa womenya n'kumawakha mipira, ndipo agogo anamutcha Mabondo. Anali atakula, kontirakiti yake itatha, akufuna malipiro okwera. Timu inakana, ndalamazo n'kuzithira pa kamnyamata koponya mpira kochokera ku timu ina.

Agogo atamva anaimika simbi. "Tadala! Kawauze bambo ako kuti timu yathu yadya mutu wa galu. Munthu wawanjutira zaka zonsezi mpaka mabondo kutha, lero akumutaya ngati chikopa cha nthochi?"

Ndinathamangira kukhitchini. Adadi ntchito yawo inali ya manambala, ndipo manambala a Mabondo anali nawo kale pa laputopu. "Kawauze agogo ako mwaulemu kuti timu si mpingo. Munthuyo chaka chino wamenya mochepa, kuthamanga sakuthanso. Ndalama akufunazo zingagule anyamata atatu."

"Kawauze kuti anyamata atatuwo sadziwa kutonthoza woponya mpira akasokonezeka. Zimenezo zilipo m'makina awomo?"

"Kawauze kuti kutonthoza salipira mamiliyoni a madola."

Zinapitirira choncho masabata atatu. Ndikangofika kuchokera kusukulu, chikwama chisanatsike, ndatumidwa kale. Mawu aja anayamba kunola. Agogo ankasita malaya a adadi mokhomerera mpaka thabwa kulira, adadi ankatsuka mbale ngati zawalakwira. Tsiku lina amayi akundimanga tsitsi anandinong'oneza, "Iwe, uzisamala ndi mauthenga akowo. Agogo ako ananena kalekale kuti tsiku limene iwo ndi adadi ako adzapeputsane, sadzapondanso muno. Ndipo agogo ako sabweza mawu."

Ndinachita mantha. Agogo ndi amene ankandidikira pageti ya sukulu atavala majuzi atatu, ndi amene ndinkagona nawo chipinda chimodzi ndikumva kupuma kwawo. Kuti asadzabwerenso chifukwa cha bambo wa ku America amene sakutidziwa n'komwe? Ayi ndithu. Ndinaganiza zothetsa ndekha mlanduwo, poti ndinkadziona wochenjera.

Mawa lake ndinapita pabalaza. "Agogo, adadi akuti aganiza bwino. Akuti munanena zoona, timu inalakwa." Agogo anamwetulira mpaka mano onse pamtetete. Ndinapitanso kukhitchini. "Adadi, agogo akuti manambala anu awamva. Akuti Mabondo anathadi." Adadi anavula magalasi n'kunena kuti, "Eeh? Koma amayi ndi munthu wamkulu." Masabata awiri m'nyumba munali bata. Agogo anawaphikira adadi futali, adadi anawagulira agogo masokosi a ubweya kumsika. Ine ndinkayenda ngati nduna.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, kunabwera amayi a Zimba, mnzawo wa agogo wokulira ku Zimbabwe. Anakhala pabalaza ndi agogo ndi amayi akumwa tiyi, ine ndili pansi ndi mabuku, adadi ali kwawo kukhitchini, chitseko chili chotsegula pang'ono. Agogo anayamba kudzitama.

"Mkamwini wanga ine ndi munthu wodzichepetsa. Ndi sukulu yake yonseyo, wavomera yekha kuti pa nkhani ya Mabondo analakwa, wolondola ndine."

Kukhitchini supuni inagwa pansi. Kenako mawu a adadi anamveka, okwera, osadzera mwa ine.

"Ine? Sindinavomerepo ine! Anavomera ndi iwowo!"

Agogo anaika kapu pansi pang'onopang'ono, anaimirira, anayenda mpaka kukhitchini n'kukankha chitseko. Ndinawatsatira. Anaima pakhomo n'kuwayang'ana adadi m'maso.

"Mukuti ndine wabodza, inu bambo a Tadala? Pamaso pa alendo?"

"Amayi, sindikutero, koma inu munatumiza mawu kuti…"

Anathera pomwepo. Onse awiri anazindikira nthawi imodzi kuti akuyang'anana ndipo akulankhulana, chinthu chimene sanachitepo chikwatiwire amayi. Kumbuyo kwanga amayi a Zimba anagwira pakamwa, "Mayo ine!" Agogo anakoka mpango wa kumutu n'kuphimba nkhope, anabwerera chafutambuyo, n'kukalowa kuchipinda kwathu. Mlendo uja anatsanzika tiyi asanathe.

Kenako tinamva mpando ukukokedwa, chinthu cholemera chikutsitsidwa pamwamba pa wadiropu, zipi ikulira. Inali sutikesi. Amayi analowa, ine pambuyo pawo. Agogo ankapinda zitenje zawo osayang'ana munthu.

"Usinthe tikiti, ndipite sabata ino. Kalata yondiitanira kuno chaka chamawa musavutike nayo."

"Amayi, kuno ndi ku London, zimenezi zinatha kalekale."

"Zinatha kwa iwe. Ine ndamuyang'ana mkamwini m'maso ngati mkazi wa kumowa, iye wanditsutsa pagulu. Ndikhalenso bwanji muno? Mlendo ndi mame, mwana wanga."

Apo ndinaphulika kulira. Ndinayamba kuulula m'Chingerezi, mothamanga, mamina ali chuchuchu. Agogo anakweza dzanja. "Chichewa." Ndiye ndinachita kutola liwu limodzilimodzi. "Ndine. Ndinanama. Adadi sananene. Inu simunanene. Ndinaopa kuti mupita." Ndinkayembekeza khofi, mwinanso kukumbatiridwa. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anangopitiriza kupinda.

M'kolido munamveka kutsokomola. Adadi anabwera, anakoka chitseko cha chipindacho mpaka kutsala kampata, n'kugwada panja atayang'ana pansi, bambo wamkulu wa tayi yake ya kutchalitchi.

"Chitseko iwe," anatero, "poti mthenga wathu watipusitsa, ndituma iwe. Uwauze amayi kuti ndalakwa kukweza mawu, andikhululukire. Uwauze kuti maso angawa sanaone kanthu. Uwauzenso kuti nyumba ino popanda iwo siyenda."

Agogo anasiya kupinda.

"Chitseko," anatero agogo, "uwauze bambo a Tadala kuti ndamva. Koma uwafunse, pa nkhani ya Mabondo akuti bwanji?"

Amayi anasuzumira pakampata paja n'kumawakodola adadi ndi maso, ndi mutu, ndi manja omwe, kuti vomerani basi, vomerani! Ine ndinkapemphera chamumtima kuti angonena liwu limodzi lokhalo.

"Chitseko, uwauze amayi mwaulemu wonse kuti sindinasinthe. Timu inachita bwino. Mabondo anatha."

Amayi anaika manja kumutu. Ine ndinadziwa kuti basi, agogo apita.

"Chabwino," anatero agogo. "Akanavomera, ndikanadziwa kuti muno abodza alimo awiri, ndipo ndikanapitadi. Chitseko, uwauze kuti akulakwa kwambiri, ndipo tipitiriza mawa. Abwere adzakweze sutikesiyi ine ndikatuluka, ikundilemera."

Sanapite. Anabweranso zaka zina zisanu, mpaka miyendo itayamba kukana ndege. Mikangano inapitirira chaka ndi chaka, ya malipiro, ya ogulidwa, ya otayidwa, yonse kudzera pa chitseko cha kukhitchini, ndipo alendo ankadabwa kumva anthu awiri akuluakulu akukalipira thabwa. Koma ine sananditumenso. Ngakhale kukanena kuti chakudya chapsa, ayi. Ankandiphikira, ankandidikira pageti, ankandifunditsa, koma mawu awo sanandisenzetsenso.

Ulendo wawo womaliza, ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, ndinalimba mtima tikulongedza. "Agogo, kodi simunandikhululukirebe?"

"Iwe, ndinakukhululukira tsiku lomwe lija, mamina asanaume," anatero akukhomerera zitenje m'sutikesi. "Koma kukhululuka ndi kwina, kutuma ndi kwina."

Agogo anatisiya zaka zinayi zapitazo. Zimandiwawabe, sindibisa. Lero munthu akandituma, kaya ndi kuntchito, kaya ndi amayi akufuna ndikawauze adadi zimene sakufuna kumva, ndimakafikitsa mawuwo momwe alili, ngakhale akhale owawa chotani. Anzanga amati ndilibe chifundo. Sadziwa kuti ndikuyesabe kubwezeretsedwa pa ntchito ndi munthu amene sangandilembenso.