Kachidutswa ka Mkuwa M'diso la Amuna Anga

Chizindikiro choyamba chinali kuphethira. Linali Lachiwiri m'mwezi wa June, chiperoni chitatikuta kuyambira m'mawa, phiri losaoneka n'komwe. Amuna anga, bambo a Tadala, anatuluka m'kachipinda kawo ka ntchito diso lamanja likuphethira losalekeza, misozi ikutsika tsaya limodzi lokha. Nditawafunsa anati n'kachitsotso chabe.

Kwa munthu wina chitsotso si nkhani. Koma iwo diso lodalirika anali nalo limodzi lomwelo. Lamanzere linawonongeka ndi chikuku ali mwana, limangosiyanitsa usana ndi mdima. Zaka zonse zimene anagwira umakaniko ku fakitale ya tiyi anagwira ndi diso lamanjalo.

Atapuma pantchito anayamba kupanga kandege. Malemu apongozi anga anapita ku nkhondo ya azungu ali mnyamata, ndipo chimene anasiya ndi chithunzi chimodzi, iwo ataima pansi pa phiko la ndege yankhondo yokwera munthu mmodzi, ya pulopela kumphuno. Bambo a Tadala anafuna kuipanga ndegeyo yaing'ono, yotalika ngati mkono, koma chilichonse chili pamalo pake. Poyeza ankadalira msinkhu wa bambo awo pachithunzipo, poti anali ofanana kutalika, n'kumawerengera kuti phiko lingalowe anthu angati otero. Thunthu anasema ndi mtengo wa malaina. Galasi la woyendetsa anaumba ndi botolo la pulasitiki atalifewetsa pa nthunzi, timatayala anadula ku patapata wakutha. Timisomali ta m'mapiko ankatilemba ndi nsonga ya singano yoviika mu penti, kadontho kamodzikamodzi. Ine ndinkaitcha mkazi mnzanga, chifukwa ndi imene inkadya nthawi yawo yonse, koma kunena zoona inali yokongola.

Tsikulo ankapala pulopela. Mipeni yake anadula ku mkuwa wa pulaimasi yakale yophikira, ndipo kachitsulo kozungulirapo kanali sipoko ya njinga. Chifukwa cha kuzizira anatseka zenera, m'chipindamo munachita mdima. Magalasi oteteza ankachita nkhungu ndi mpweya wawo womwe, ndiye anawavula, n'kuyandikitsa tupa pafupi ndi nkhope kuti aone bwino. Kachidutswa kanathethekera m'diso.

Anachita zimene amakaniko a ku fakitale ankachita masiku onse. Anatenga maginito a sipika ya wailesi yakufa, anakweza chikope, n'kuwayendetsa pafupi ndi diso. Atawachotsa panali kanthu kakuda, ndipo anandionetsa monyadira kuti mdani uja ndi ameneyu. Ndinati tipitebe kuchipatala akaone. Anaseka, amvekere achotsa zitsulo m'maso mwa anzawo ambirimbiri ndi njira yomweyo ndipo palibe amene anachita khungu. Ndinawakumbutsa kuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Anati ndikawotche mbatata.

Pofika Lachinayi diso linali lofiira ngati la munthu wogona ku mowa. Ankati akumva ngati muli mchenga, ndipo kuwala kunkawalasa mpaka kumutu. Anamanga kansalu pamphumi kuti kaphimbe kuwala, n'kubwerera kukalemba timisomali tawo, ati penti akasanganiza sachedwa kuuma. Ndinalankhula mpaka pakamwa kuwawa. Lamlungu, tikukonzekera za kutchalitchi, ndinaona kadontho koyera pakati pa lakuda la diso, kakang'ono ngati njere ya mapira. Kutchalitchiko sindinamve chilichonse chimene abusa analalikira.

Madzulo a tsikulo kunabwera alamu anga a Esinati, achemwali awo aakulu, ochokera ku Nkando. Kwawo amadziwika kuti amachotsa zitsotso ndi lilime. Anawakhazika achimwene awowo pa mpando, anachukucha m'kamwa, n'kupisa lilime pansi pa chikope. Kenako anatulutsa masamba m'chikwama, anawafikisa m'manja, n'kufinyira madzi ake m'disomo. Bambo a Tadala anakukuta mano, thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira ija. Nditati mawa ndikuwatengera kuchipatala, alamuwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, kuchipatala diso amakolowola. Munthu ali ndi limodzi lokha. Akakalichotsa, mudzatiuza chiyani abale ake?"

Ndinali ndi mkwiyo, koma mantha anaposa mkwiyowo, chifukwa ndinadziwa kuti chikalakwika chilichonse mlandu udzakhala wanga. Tinakhala masiku ena awiri akudonthezera masamba aja m'mawa ndi madzulo.

Lachitatu anadzuka zikope zitamatana ndi mafinya. Ndinawapukuta ndi madzi ofunda mpaka diso linatseguka. Kunja kunali kutacha bwino, dzuwa lili phwee, phiri la Chambe likuoneka mwala uliwonse. Iwo anayang'ana uku ndi uku, n'kundifunsa kuti, "Mayi a Tadala, nkhunguyi yalowa mpaka m'nyumba?" Sindinapemphenso chilolezo kwa munthu. Ndinaitana kabaza wa njinga yamoto, ndinawakhazika pakati, ine pambuyo nditawagwira m'chiuno.

Pachipatala cha boma tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Iwo anali ataweramira pansi, chipewa chili kumaso. Titalowa, dokotala wa maso anawaonetsa zilembo za pakhoma, koma sanaone ngakhale chachikulu chapamwamba. Anangotha kuona kuti pali dzanja likugwedezeka patsogolo pawo. Anawadonthezera mankhwala ochititsa dzanzi ndi ena achikasu, anawaunika pa makina, ndipo ndi nsonga ya singano anatokosa kanthu kamene kanali katazama. Anakaika pa thonje n'kundionetsa. Kanali kofiirira, konyezimira. Nditawauza amuna anga mtundu wake, anati motsitsa, "Ndi mkuwa. Maginito sakoka mkuwa." Zimenezi ankazidziwa kuyambira kale, koma poti anapalanso sipoko tsiku lomwelo, anangokhulupirira kuti chalowa ndi chitsulo. Kakuda kaja maginito anakatola pa tebulo pamene ankakhala.

Dokotalayo anafunsa chimene tinathira m'disomo, ndipo ndinanena zonse osabisa. Sanatikalipire. Anati kamkuwako kanangoboola khomo, koma chilonda chakula ndi tizilombo tolowa ndi malovu ndi masamba, ndipo chafika pakuya moti pachipatalapo sangachithe. Anatitumiza ku chipatala chachikulu cha maso ku Blantyre. Tinanyamuka m'mawa mwake pa minibasi, ine nditanyamula ndowa, bulangete ndi kathumba ka ufa. Podutsa pa Nkando ndinayang'ana kumbali.

Kumeneko anawagoneka. Anapala pang'ono pachilondapo kuti akayeze, ndipo anayamba kuwadonthezera mankhwala ola lililonse, usana ndi usiku womwe. Anamwino atatopa anandiphunzitsa ine: kusamba m'manja, kukokera chikope pansi, kudontheza botolo lisanakhudze diso. Ndinkagona pansi pambali pa bedi, masana kuphika kumalo a magadiyani odikirira odwala, kuthamanga kubwerera ola lisanakwane. Dokotala wamkulu, mayi wosachulutsa mawu, ankabwera m'mawa uliwonse ndi gulu la ophunzira. Tsiku lina ndinalimba mtima kumufunsa ngati diso lipulumuke.

"Khungu la disoli latsala lopyapyala kwambiri, amayi. Likabooka tidzayesa kumata, zikakanika tidzalichotsa. Sindingakulonjezeni kanthu sabata ino."

Mawu a alamu anga anandibwerera onse. Pa bedi loyandikana panali mlimi wina amene tsamba la chimanga linamucheka m'diso, nayenso anachedwa ngati ife. Anamutenga m'mawa wina, anabwerako ali ndi bandeji yokulunga mutu, diso atalichotsa. Koma iye anali ndi linzake. Amuna anga anamva zonsezo ali chigonere, ndipo tsiku limenelo anakana kudya. Munthu amene sankatha ola osatsutsana ndi wina anasanduka wosalankhula. Ankangosisita zala zawo, ngati akupukuta penti. Ine ndinkakalirira kuseri kwa mabafa kuti asandimve.

Sabata yoyamba sipanasinthe kanthu. Yachiwiri mafinya anayamba kuchepa ndipo anatalikitsa nthawi ya mankhwala, moti ndinagona tulo koyamba. Chakumapeto kwa sabata yachitatu dokotala uja anakweza dzanja pafupi ndi nkhope yawo, iwo anawerenga zala molondola. Anangoti, "Lakhala," n'kupita pa bedi lina. Ndinakhala pansi pomwepo. Anatitulutsa mu July, tili ndi mabotolo a mankhwala ndi masiku obwerera kukapimitsa.

Diso linakhala, koma chilonda chinasiya chipsera choyera pakati penipeni. Amaona ngati munthu woyang'ana pa galasi lopaka sopo. Panopa papita chaka ndi miyezi. Ululu unatha, amayenda okha pamudzi, amalima, amathirira dimba. Kuwerenga kunatha, singano sangaione nsonga yake. Kandege kaja anakamaliza pofufuza ndi zala, pulopela anaimata ndipo imazungulira ukaiuzira. Phiko limodzi lili ndi timisomali take tonse m'mizere, linalo n'losalala. Tadala, mwana wathu, anadzipereka kuti alembe timene tatsala, iwo anakana. A Esinati amabwera, timapatsana moni, koma za masamba aja palibe amene amazitchula.

Ndalemba izi chifukwa cha anzanga amene amuna awo amapala zitsulo, kuwotcherera, kusema kapena kuphwanya miyala. Kanthu kakalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera, ndipo ngati kakumvekabe pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kufiira, musadikire kadontho koyera. Musalole lilime, masamba, mkaka kapena shuga. Dokotala wa ku Blantyre uja anandiuza kuti tikanafika tsiku loyamba inali ntchito ya kanthawi kochepa, munthu n'kubwerera kwawo ndi diso lake lonse. Amene akukolowoledwa maso ambiri ndi amene anachedwa poopa kukolowoledwa komweko.

Chimene chimawapweteka kwambiri si ndege ayi, ndi nkhope za anthu. Munthu akangotalikira pang'ono samuzindikira. Tsiku lina pa msika wa Chonde tinasiyana m'chigulu, ndipo iwo anakagwira mkono wa mayi wina wogulitsa tomato akuyesa ndine. Anthu anaseka, mayiyo anatukwana. Titabwerera kunyumba anati sadzapondanso pamsika. Sabata yotsatira ndinagula chitenje chachikasu chowala, mtundu umene sindinaukondepo chibadwire, umene anzanga a kumvano wa amayi kutchalitchi amati ndikuoneka ngati mpendadzuwa. Ndimachivala tsiku lililonse la msika, ndipo iwo anayambiranso kupita nane. Ndikapita kogula nsomba ndimawasiya pamthunzi, ndipo ndikacheuka ndimapeza nkhope yawo ikutsata chikasucho kulikonse kumene ndalowera.