Buku la Agogo M'ndowa ya Tomato

Ndinanyamuka pa Mitundu Lachisanu m'mawa nditasenza ndowa yomwe ndimagulitsira tomato. Tsikulo munali Buku la mpingo wathu, lokulungidwa m'chitenje cha amayi.

Mpingowo ndi wa pabanja. Anauyambitsa agogo aamuna, ndipo tikasonkhana tonse, ndi makanda omwe, timakwana pamthunzi wa mtengo umodzi wa mango. Wansembe amakhala mwamuna wamkulu pa onse a kuchimuna. Bambo atamwalira, udindowo unagwera ang'ono awo, a Yelemiya, okonza njinga pa Nathenje. Koma msuweni wanga Lameki anali atagula kale zokuzira mawu ndi suti yoyera, n'kulengeza kuti abwera Loweruka kudzatenga Bukulo kuti akhale mneneri.

"Esinati, lifike ku Nathenje dzuwa lisanalowe, Sabata lisanayambe," anatero amayi. "Koma usalikhudze ndi manja, ndiwe mkazi."

Kondakitala wa minibasi anandilipiritsa K3,000, kenako anafuna kuponya ndowayo kumbuyo, pansi pa matumba a mtedza. Ndinakana, n'kuifungatira pamiyendo. Tikudutsa m'munsi mwa phiri la Bunda, bambo wa tayi amene ndinapanikizana naye anafunsa, "Mayi, tomato wanuyo ngwagolide?"

Nditawafotokozera, anati iwo amaphunzitsa za Baibulo kusekondale, ndipo anapempha kuliona. Poti ndi mwamuna, ndinawalola. Anatsegula mosamala, Genesis, Eksodo, mpaka Deuteronomo, kenako anangopezeka afika pachikuto.

"Nanga mabuku enawo?"

"Agogo ankasuta chingambwe," ndinayankha. "Ankang'amba tsamba lopichirira fodya, kuyambira ku Chivumbulutso kubwerera m'mbuyo. Atamaliza Yoswa anadwala chifuwa, analapa, n'kunena kuti zotsalazo ndi zomwe Mulungu wafuna kuti tisunge."

Minibasi yonse inafa ndi phwete. Aphunzitsiwo anapukuta misozi n'kunena, "Ndiye kuti inu ndinu Asamariya!"

Ine Msamariya ndinkadziwa mmodzi yekha, wachifundo uja. Iwo anati anthuwo alipobe mpaka lero, ngakhale sakwana chikwi, ndipo amapembedza paphiri lawo la Gerizimu. Amawerenga mabuku asanu a Mose okha. Mkulu wa ansembe amakhala wamkulu m'banja la ansembe, lomwe limati linachokera kwa Aroni. Amasunganso mpukutu wachikopa wakale kwambiri, womwe amati unalembedwa ndi mdzukulutuvi wa Aroniyo, ndipo sautulutsa wamba.

"Nawonso agogo awo ankasuta?" anafunsa dalaivala.

Mayi wina kumbuyo anati tonse tikapsa, koma nayenso ankaseka.

Masana ndinatsika pamphambano ya msewu wa M1, ndinagula chimanga chootcha, n'kukwera minibasi ya ku Dedza. Sinachedwe kudzaza, koma titangoyenda pang'ono tayala linaphulika, ndipo la sipeya linali lophwa kale. Tinakhala m'mbali mwa msewu, mvula n'kuyamba. Anzanga anafunda zitenje kumutu. Ine ndinavundikira ndowa, n'kukhalira pamwamba pake kuti madzi asalowe. Amayi anandiletsa manja okha.

Ndinafika pa Nathenje dzuwa litapendeka. Bambo aang'ono ndinawapeza pakhonde la golosale akumata chubu. Ataona chitenje cha amayi m'ndowamo, nkhope inagwa.

"Bwerera nalo, mwanawe. Ine wansembe? Loweruka ndi tsiku lomwe njinga zimachuluka. Ndipo ukudziwa kuti madzulo ndimalawako."

"Ndiye ndikapereke kwa a Lameki, bambo. Akuti azidzaligoneka pamutu pa odwala, aliyense ndi envelopu yake."

Anayamba kupukuta sipanala yomwe inali yoyera kale. Kenako anati achimwene awo anawerenga Bukulo moyo wawo wonse osapemphapo ngakhale dzira. Anadzuka, anasamba m'manja ndi sopo wochapira mpaka girisi yense atachoka, n'kulitulutsa. Analitalikitsa, analiyandikitsa, anatsinzina diso limodzi.

"Zilembozi zinachepa liti? Werenga ndiwe."

"Ndine mkazi, bambo."

"Lamulo likuti usakhudze. Za maso silinanene. Ndigwira ine."

Choncho Sabata linatipeza pakhonde la golosale, iwo atatambasula Buku ngati thebulo, ine nditapinda manja kumbuyo, ndikuwerenga za Mose atakwera phiri kukaona dziko lomwe sadzalowamo. M'mphepete mwa tsambalo munali moda, momwe chala cha bambo anga chinkakhala. Ndinabwereza mzere womwewo kawiri. Bambo aang'ono sanandifulumize. Mnyamata wina anabwera ndi njinga yophwa, iwo anangomuuza kuti abwere Lamlungu.

Ndinagona komweko. Pobwerera ndinkaganiza za ansembe a ku Gerizimu aja. Sindidzawaona, koma ndikukhulupirira kuti pakati pawo panakhalapo wina amene ankangofuna kumakonza njinga zake mwamtendere, mpaka tsiku lomwe anazindikira kuti akulu ake onse atha, ndipo anthu akuyang'ana iye.