Sabata ya a Yona, Sabata ya a Kingstone

Bambo anga, a Yona Ziba, anali opha ng'ombe. Anali munthu wamantha, ndipo sindinena izi powanyoza, chifukwa zaka zimenezo wopanda mantha sankakhalitsa pakhomo pake.

Kwathu opha ng'ombe analipo awiri okha, iwo ndi a Kingstone Tchongwe. Misika nayo inali iwiri: wa pa Boma la Mzimba, pomwe nyama inkatha dzuwa lisanafike pamutu, ndi wa ku Manyamula, komwe anthu ankaiyang'ana kwambiri kuposa kuigula. Firiji kunalibe. Onse akapha pamsika umodzi, nyama inkawola. Choncho ankasinthana: sabata ino bambo pa Boma, a Kingstone ku Manyamula, sabata yamawa n'kutembenuza. Sanakhalepo pansi kupangana, poti amuna awiri onong'onezana ankafunsidwa kuti akukambirana chiyani.

Kamodzi a Kingstone anaba sabata ya bambo. Bambo sanakalipe. Sabata yotsatira anangokusa ng'ombe yawo kupita pa Boma pomwepo, nyama ya onse awiri n'kudyedwa ndi ntchentche. Kuyambira pamenepo aliyense anadziwa kuti zimene wachita lero azilandira sabata yamawa.

Koma panali china choopsa kuposa ntchentche. Tsiku lina bambo anakulunga chiwindi m'nyuzipepala osaona kuti pali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Magazi anayenderera pankhope pake, a Kingstone akuona. Bambo nawo ankadziwa kuti a Ellen, akazi a a Kingstone, anali a mpingo woletsedwa ndipo analibe khadi la chipani. Mawu amodzi kwa wapampando wa chipani akanatha munthu. Zaka zisanu ndi chimodzi anapatsana moni panjira, aliyense atatseka pakamwa.

Mu 1973 kunamveka kuti a Kingstone alembetsa kupita ku migodi ya ku Joni, ndipo ntchito asiyira mng'ono wawo Matthews. Bambo anasiya kudya. Ankauza amayi kuti, “Munthu amene akupita alibe sabata yamawa. Angandiope chifukwa chiyani? Akanditchula, mbwenu basi, msika wonse wa pa Boma ndi wa Matthews.” Galimoto ikalira pamsewu, ankathamangira kuseri kwa nkhokwe. Amayi anawauza kuti angopita akawafunse a Kingstone. Bambo anayankha kuti kufunsako ndiye kuwakumbutsa.

Lachinayi m'mawa anavala jekete, napita kwa wapampando. Anakatchula a Ellen. Izi zimandipsetsa mtima mpaka lero, ngakhale ndikudziwa kuti anapita chifukwa cha mantha.

Pobwera masana anapeza a Kingstone ndi Matthews atakhala pakhonde pathu, zipewa zili m'manja. Aka kanali koyamba kuti a Kingstone aponde pakhomo pathu.

“Adada Ziba,” anatero a Kingstone, “ine ndikunyamuka Lolemba. Mnyamata uyu ndamuuza kuti masabata akhale momwe analili, asakuvuteni. Mwandisunga bwino zaka zonsezi, yewo chomene.”

Bambo anangoti chilili, osakhala pansi.

“Chinanso, ndapota,” anapitiriza a Kingstone, atatsitsa mawu. “Za a Ellen mukuzidziwa ndinu nokha, ndipo simunanenepo. Ndikuwasiya m'manja mwanu.”