Dokotala amene tinamuumbira njerwa

Dokotala wathu atayamba kunjenjemera manja, tonse pachipatala paja tinadziwa kuti kutsogolo kuli mavuto. Anali mzungu wa mishoni, wokalamba, ndipo m'dera lathu lonse ndi iye yekha amene ankachita opaleshoni. Mayi akalephera kubereka kunalibe kwina kothamangira, makamaka dzinja madzi akadula msewu wa ku Makhanga. Iye mwini anatiuza kuti watsala pang'ono kupita kwawo kukapuma.

Ine ndinali namwino wamkulu, choncho ndinkakhala nawo m'komiti ya chipatala. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tinagwirizana zopeza dokotala wachinyamata wa Chimalawi, wongobwera kumene kusukulu kunja, kuti aphunzire opaleshoni kwa mkuluyu, adzatsale m'malo mwake. Masiku amenewo dziko lathu linalibe sukulu yakeyake ya madokotala, ndipo ochepa amene ankabwerako kunja ankangothera m'zipatala za m'tauni.

Ndikakumbukira misonkhano ija mutu umandiwawabe. Mpingo wa kunja unavomera kumulipira ndi kugula zipangizo, koma za nyumba unati si zake. A ku unduna anavomera kutipatsa munthu, koma nyumba iyambe yaoneka. Tinazungulira choncho chaka chathunthu ngati mbuzi ya pachingwe, mpaka atcheyamani a chipani a m'dera lathu, amenenso anali m'komiti, ananena kuti anthu aumba okha njerwa. Anaumbadi, dzuwa likupsereza mapazi, amayi akutunga madzi, asodzi atasiya maukonde. Mpingo uja unangoika lamulo limodzi: pakutha chaka udzatumiza munthu kudzaona ngati dokotala watsopanoyo akuchitadi opaleshoni ndi manja ake. Ngati sakuchita, thandizo lithera pomwepo.

Anabwera pa sitima, munthu wa kumtunda, wamtali, wofatsa, atanyamula sutikesi ndi katoni ya mabuku. Anachita kupempha yekha kuti abwere kwathu. Komiti inali itaganizira zonse, malata, jenereta, neti ya udzudzu, ngakhale mtsuko wa madzi ozizira. Chimene sitinaganizire ndi funso limene munthu aliyense wa kuchigwa ankafunsa akaona wantchito wa boma akutsika sitima: walakwa chiyani?

Zaka zimenezo munthu wophunzira sankatumizidwa kwathu, ankatayidwa. Mphunzitsi akachita mwano kwa bwana, wapolisi akalankhula zosayenera pamowa, umangomva kuti amuponya ku Nsanje akaone kutentha. Eni akefe tinali titazolowera. Tsono dokotala wathunthu, wochokera kunja kumene kunali anthu othawa boma, n'kudzapezeka kuno? Anthu anangomaliza okha kuti mlandu wake ndi wandale, ndipo wa mlandu wandale sunkafuna kuoneka ukucheza naye.

Kutchalitchi benchi yake inkakhala yayekha. Kumsika amayi ankamupatsa nsomba maso ali kumbali. Kuchipatala ndiye kunali koopsa. Tsiku lina anthu anabwera ndi mayi wina pa bwato, mwana atapingasa m'mimba. Mwamuna wake, msodzi wa kumadambo, anandiimitsa pakhonde.

"Mayi sisitala, nkhabe," anakana m'chilankhulo chathu cha kuchigwa. "Mkazi wanga amugwire mzungu yemweyo."

"Bambo, manja a adokotala aakulu mwawaona nokha mmene akunjenjemerera."

"Bola onjenjemerawo. Uyu akatigwira, mawa adzatifunsa kuti tinakambirana naye chiyani."

Nthawi yokangana panalibe. Mkulu uja anang'amba, thukuta lili kamukamu, dokotala amene tinamuvutikira chaka chonse atangoima pambali n'kumamupatsira zipangizo. Mayi ndi mwana anapulumuka, koma ine ndinatuluka ndili ndi ukali wosaneneka. Ndipo sizinachitike kamodzi. Pafupifupi aliyense wofunika opaleshoni ankabwera ndi abale oti akane.

Ndinapita kwa atcheyamani. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka thumba la thonje.

"Atcheyamani, tauzani anthu pamsonkhano kuti munthuyu alibe mlandu. Inu akumverani."

"Mayi, ine ndikudziwa bwanji kuti alibe?" anandifunsa, osakweza n'komwe mutu. "Ndikamuyeretsa lero, mawa n'kumveka zina, ine adzandiyeretsa ndani?"

"Nanga njerwa zija munkaumbira yani?"

"Tinkaumbira dokotala. Sitinkadziwa kuti atipatsa wotere."

Ndinachoka osatsanzika, zimene sindinkachita kwa munthu wamkulu. Ndinayesa m'mawodi, ndinayesa kumpingo wa amayi, kulikonse ndikufotokoza kuti anapempha yekha. Apo m'pamene ndinkaonongeratu zinthu. Ankaseka. "Kupempha yekha? Kuno? Mayi, inunso mwakhulupirira?" Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chimenecho: anthu akwathu, obadwira momwemu, sankatha kukhulupirira kuti munthu wabwinobwino angasankhe kudzakhala nafe.

Dokotala wachinyamatayo sankadandaula. Ankatsuka zilonda, kuzula mano a ana a sukulu, kuwerenga mabuku ake. Kamodzi kokha anandifunsa tikusamba m'manja, "Mayi, kodi ndikanama kuti ndinaba mankhwala ku Blantyre, mwina andilandira? Wakuba ndiye samuopa." Ndinaseka, koma mumtima munali mowawa.

Pakutha chaka mlendo wa mpingo uja anabweradi. Anacheza ndi madokotala onse awiri, naona yekha kuti wachinyamatayo opaleshoni sanachite zokwanira kuti angadzatsale yekha. Ndinachonderera kuti atipatse chaka china, anthu azolowere. Anandimvetsera mwaulemu, koma anati kuli zipatala zina zimene zikudikira thandizo lomwelo. Posakhalitsa a ku unduna anamuitana dokotala wathu kuti apite kutauni, ndipo mkulu uja nayenso anayamba kulongedza.

Tsiku lonyamuka wachinyamatayo ndinamuperekeza kusiteshoni, ndikuganiza kuti tikakhala awiriwiri. Ndinapeza khamu. Anthu omwe aja amene ankathawa benchi yake anabwera ndi nkhuku, mbatata, nsomba zouma, mpunga wa m'dimba. Amayi ankalulutira. Aliyense ankafuna kumugwira chanza.

"Takhuta Mulungu, adokotala, aboma akukhululukirani!" ankafuula, kuthokoza Mulungu m'chilankhulo chakwathu.

Iye anangondiyang'ana, nkhuku ili m'manja, n'kukwera. Sitima itanyamuka, bambo wina wogulitsa mchere anandiyandikira akumwetulira, wokhutira kwabasi.

"Mwaona, mayi sisitala? Mlandu wake unali waung'ono. Munthu wabwino ngati ameneyu sakanamusiya kuno."

 Mkazi wa bamboyo anali pambali pake, ali ndi pakati pooneka kale, ndipo ndinkadziwa kuti akamadzachira chipinda cha opaleshoni chidzakhala chokhoma.